Magazi Achepa Kapena Akuthamanga? Kumvetsa Zimene Atiuza Kuchipatala

KANYIMBO KOTSEGULIRA, KENAKA KATSIKE

MUULUTSI: Lero tikambirana za magazi.

Munthu akabwerako kuchipatala, asanakhale n'komwe pansi, apabanja amamufunsa kuti, "Akupezani ndi chiyani?" Kawirikawiri yankho limakhala lalifupi: "Akuti magazi." Pomwepo aliyense amasanduka dokotala. Azakhali akuti wiritsani masamba a mapeyala, apongozi akuti siyani mazira, oyandikana nawo nyumba akuti gulani chakumwa chofiira. Palibe amene wafunsa kuti magaziwo atani. Achepa kapena akuthamanga? Omvera, kuchepa kwa magazi ndi kuthamanga kwa magazi ndi matenda awiri osiyana. Zoyambitsa zake n'zosiyana, kayezedwe kake n'kosiyana, mankhwala akenso safanana. Ndipo ichi chigwireni bwino: munthu mmodzi angathe kukhala nawo onse awiri nthawi imodzi.

Tiyambe ndi kuchepa kwa magazi, chifukwa ndiko kumene kwazunza kwambiri ana ndi amayi m'dziko lathu lino.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Adokotala akati magazi achepa, nthawi zambiri satanthauza kuti malitawo atsika ayi. Chimene chachepa ndi mphamvu yake. M'magazi muli maselo ofiira, ndipo m'maselomo muli chinthu chotchedwa himogulobini. Ndicho chimafiiritsa magazi, ndicho chimanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo ku ubongo, ku mtima, ku minofu, mpaka kwa mwana amene ali m'mimba mwa mayi. Himogulobini ikachepa, thupi lonse limasowa mpweya. N'chifukwa chake munthu amatopa msanga, amamva chizungulire akadzuka, amachita befu pakachitunda kamene kale ankakwera atasenza ndowa, ndipo mtima umagunda mothamanga pofuna kufikitsa mpweya wochepawo paliponse. Mukatsitsa chikope cha m'munsi mupeza muli mbee, zikhatho ndi lilime zatuwa. Ena amalakalaka kudya dothi. Zikafika poipa, mapazi amatupa.

Tsegulani buku lanu la kuchipatala. Ngati anakuyezani, mupeza zilembo ziwiri, H ndi b, kenaka nambala. Imeneyo ndiyo himogulobini yanu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati bambo ayenera kukhala ndi 13 kapena kuposera apo, mayi yemwe si woyembekezera akhale ndi 12, ndipo mayi woyembekezera asatsike pansi pa 11. Mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera amene nambala yake yatsika pansi pa 7 ali pangozi yaikulu. Ameneyo si wopita naye kunyumba kuti mukaone mmene agonere.

Vutoli n'lalikulu bwanji? Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a miyezi 6 kufika zaka 5, ana 63 anali ochepa magazi. Mwa amayi a zaka 15 mpaka 49, anali mmodzi mwa atatu alionse. Ndiye kuti pamzere wa sikelo ya ana, ochepa magazi amakhala ambiri kuposa amene magazi awo ali bwino.

Apa ndipo ndikufuna tichedwepo. Kuchepa kwa magazi kumakhala ndi mwini wake, ndiko kuti matenda kapena vuto limene likukuyambitsa. Ndiye adokotala akati magazi achepa, funso lotsatira n'lakuti, "Achepa chifukwa chiyani?"

Kuno kwathu wolakwa woyamba ndi malungo. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira, timaswana momwemo, kenaka maselowo amaphulika. Mwana amene wadwala malungo kangapo m'dzinja limodzi thupi lake silipeza mpata wobwezeretsa zimene zawonongeka. Selo lofiira limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120, ndipo atsopano amapangidwa m'kati mwa mafupa pang'onopang'ono, pamene malungo amaphwanya ambirimbiri m'masiku ochepa. Choncho mwana akatentha thupi, kamuyezetseni tsiku lomwelo. Kuyeza kwa pachala kuja sikutenga ngakhale theka la ola. Akamupeza nawo, amupatsa LA, mankhwala amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007. Amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo azimwa atadya kapena atayamwa. Musasunge mapiritsi otsala kuti adzathandize mng'ono wake, chifukwa sipayenera kutsala kanthu. Ndipo neti ija ndi yogonamo usiku uliwonse. Si yotchingira nazale, si yokokera usipa.

Pena magazi saphwanyika koma amatayika mwakachetechete. Pali mtundu wa njoka za m'mimba zimene zimalowa pakhungu la kuphazi munthu akaponda dothi loipitsidwa ndi chimbudzi. Zikafika m'matumbo zimaluma n'kumayamwa magazi tsiku ndi tsiku. Mankhwala ake ndi piritsi la albendazole limene alangizi a zaumoyo amapereka kwa ana, koma mudzi wopanda zimbudzi njokazo zimabwereranso. Anzathu a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, a ku Chilwa, a m'chigwa cha Shire ndi onse olima mpunga m'madambo, inu mukulidziwa likodzo. Mnyamata akamakodza magazi, si chizindikiro choti wakula. Ndi matenda ochokera ku tizilombo timene timaswana mu nkhono za m'madzi, ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Amayi ndi atsikana, ndilankhule nanu mwaulemu. Ngati mukapita kumwezi mumataya magazi ambiri, kapena kwa masiku ochuluka, musangoti ndi chibadwa. Kanenezeni kuchipatala. Ndipo mayi amene anasiya kale kusamba akaonanso magazi, apite akayezetse khomo la chiberekero mosazengereza. Abambo nanunso muli ndi yanu. Ambiri akaweruka kumunda kapena pa kabaza amagula bulufeni, indosidi kapena asipirini pagolosale n'kumamwa tsiku lililonse kuti thupi lisaphwanye. Mankhwala amenewa akachuluka amayambitsa zilonda za m'mimba, ndipo zilondazo zimachucha magazi m'kati mosaoneka. Munthu amene sakumwa mapiritsi oonjezera magazi koma chimbudzi chake chada bii, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kenaka pali chakudya. Thupi silingapange himogulobini popanda mchere wina wotchedwa ayironi, pamodzi ndi mavitamini ena. Nsima imakhutitsa ndipo imapereka mphamvu, koma mbamu yaikulu yongosunsa m'msuzi simanga magazi. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Pa nkhani ya magazi, ayironi wolowa msanga m'thupi ali m'chiwindi, m'nyama ndi m'nsomba. Musaderere usipa ndi matemba chifukwa ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku. Timadya ndi mutu womwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli phindu. Ngumbi ndi mbewa nazo ndi za gulu lomwelo. Nyemba, khobwe, nandolo, soya, bonongwe, chisoso, nkhwani ndi chigwada zilinso ndi ayironi, koma wake amavuta kulowa m'thupi pokhapokha atapeza womuperekeza. Womuperekezayo ndi vitamini C, amene ali m'malambe, m'magwafa, m'mandimu, m'malalanje ndi m'mapapaya. Tiyi amachita zosiyana: amatsekereza ayironi. Ngati mumakonda tiyi, mudikire padutse ola limodzi kapena awiri mutadya. Ndipo mwana akakwanitsa miyezi 6, mkaka wa m'mawere wokha sumukwaniranso pa ayironi. Apitirize kuyamwa, koma phala lake lisakhale la ufa woyera ndi madzi basi. Thiranimo nsinjiro, ufa wa soya, usipa wosinja kapena masamba.

Nanga masamba a mapeyala aja? Nanga chidede, nanga chakumwa chofiira chosakaniza ndi tomato wa m'chitini? Ndikudziwa kuti amene amapereka zimenezi amachita mwachikondi. Koma kufiira kwa madzi a m'kapu si himogulobini. Madzi amenewo sapha tizilombo ta malungo, sachotsa njoka, satseka chilonda cha m'mimba. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti pamene banja likudikira kuti masamba agwire ntchito, masiku akupita, ndipo mwana amafika kuchipatala atalefukiratu, akupuma mobanika.

Palinso ana ena amene magazi awo amachepa mobwerezabwereza, maso amachita chikasu, manja ndi mapazi zimatupa ali akhanda, mafupa amawawa kwambiri. Amenewa angakhale ndi matenda a sickle cell, amene mwana amatengera kwa makolo onse awiri, bambo ndi mayi. Si vuto la mayi yekha, ndipo si kulodzedwa. Mapiritsi a ayironi sathetsa matendawa. Mwana wotere amafunika kuyezedwa ndi kumaonedwa pafupipafupi kuchipatala. HIV, TB ndi matenda a impso nazonso zimachepetsa magazi.

Magazi akatsikiratu, chotsala ndi kuikidwa magazi. Magazi amenewo sapangidwa kufakitale. Amachokera kwa anthu amene amapereka mwaufulu kudzera ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana a sukulu. Sukulu zikatsekera magazi amasowa, pomwe malungo ndi uchembere sizipita kutchuthi. Munthu wathanzi amapereka magazi osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Inu akuluakulu amene muli ndi thanzi, ntchito imeneyi tisasiyire ana okha.

KANYIMBO KAKAFUPI

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukambirana za mawu awiri amene timamva kuchipatala: kuchepa kwa magazi ndi kuthamanga kwa magazi. Tsopano tifike pa kuthamanga, kumene ambiri timangoti BP.

Pali maganizo amene afala akuti wa BP ali ndi magazi ambiri. Chifukwa cha maganizo amenewa ena amasiya masamba, mazira ndi nyemba poopa kuonjezera magazi, ena amafuna kukapereka magazi kuti BP itsike. Si choncho. Taganizani za paipi yothirira mbewu kudimba. Mukatsina kukamwa kwake ndi chala, madzi sachuluka, koma amatuluka mwamphamvu, ndipo paipiyo ikakhala ndi malo ofooka imaphulikira pomwepo. BP ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha. Mitsempha ikauma kapena kuchepa njira, mtima umakakamizika kupopa mwamphamvu usana ndi usiku.

Anamwino akakumangani lamba pamkono amalemba manambala awiri, ina pamwamba ina pansi. Yapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya, yapansi ndi pamene mtima wapumira. Manambala ozungulira 120 ndi 80 ndi abwino kwa munthu wamkulu. Yapamwamba ikamafika 140, kapena yapansi ikamafika 90, ndiye kuti BP yakwera. Koma kuyeza kamodzi sikokwanira. Munthu amene wangotsika panjinga kapena ali ndi mantha nambala yake imakwera, choncho ayambe wakhala pansi mphindi zisanu, ndipo amuyezenso tsiku lina.

Kuopsa kwa BP n'kwakuti nthawi zambiri siwawa. Munthu amalima, amapita kumsika, amayimba kwaya, chonsecho mitsempha ya mu ubongo, m'maso ndi mu impso ikuwonongeka. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi WHO unachita kafukufuku wotchedwa STEPS, ndipo unapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera. Ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Anapezeka m'tauni ndi kumudzi komwe, onenepa ndi ochepa thupi omwe. Mawu akuti awa ndi matenda a mabwana atipweteketsa anthu ambiri.

Tsiku lina munthu uja amangogwa. Kamwa yapotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zafa, mawu sakumveka. Imeneyo ndi sitiroko: mtsempha wa mu ubongo waphulika kapena watsekeka. Zikachitika mwadzidzidzi chonchi, pamudzi pamayamba kulozana zala, ndipo agogo osalakwa amanenedwa ufiti. Abale anga, nthawi imene mukukhalirana pansi kufufuza wolodza ndi nthawi imene wodwalayo akanakhala ali m'manja mwa adokotala. Thamangani naye.

Chokweza BP chimene tili nacho m'khitchini ndi mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Tsono werengani: mchere wa m'ndiwo, wina wowaza pambale musanalawe n'komwe, wa pa chiwaya, wa nsomba zouma zothira mchere, ndi timibulu tokometsera ndiwo tija. Soda wa m'therere nayenso ali m'gulu lomwelo, ndiponso amawononga mavitamini a m'masamba. Mowa, fodya, kunenepa kwambiri ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi zimaonjezera vutoli, ndipo bulufeni ndi indosidi uja tamutchula kale amakwezanso BP. Ena amangotengera kumtundu.

Akakuyambitsani mankhwala, kaya ndi HCTZ, kaya amlodipine, kaya enalapril, dziwani kuti sali ngati LA amene amatha pa masiku atatu. Mankhwala a BP amaigwira kuti isakwere, koma saichotsa. Mukapita kukayezetsa n'kupeza 130 ndi 80, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito. Si kuti mwachira. Ena mwa amene amagwa ndi sitiroko ndi amene anasiya kumwa atamva bwino. Mankhwala akakuvutani, mwina mapazi akutupa kapena mukutsokomola kosalekeza, bwererani akakusinthireni. Musasiye panokha, ndipo musabwereke a mnzanu.

Ndinanena poyamba kuti munthu angakhale ndi matenda onse awiri. Munthu amene zimenezi zimamuchitikira kawirikawiri ndi mayi woyembekezera. Thupi lake likumanga magazi a anthu awiri, choncho ayironi amafunika wambiri. N'chifukwa chake kusikelo amapereka mapiritsi oonjezera magazi oti azimwa tsiku lililonse. Mapiritsiwa amadetsa chimbudzi, ndipo ena amawachititsa nseru kapena kudzimbidwa. Zimenezo zisakuopseni; yesani kumwa madzulo mutadya. Sakulitsa mwana mopitirira muyeso monga ena amanenera, ndipo sakweza BP. Koma muwabise patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri ndi poizoni. Amaperekanso SP, amene ambiri timati Fansida, woteteza ku malungo, kuyambira mimba ikapitirira miyezi itatu, ndipo mayi alandire kosachepera katatu. Mayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa SP, choncho auzeni anamwino mankhwala onse amene mukumwa.

Mayi yemweyo, mimba ikadutsa masabata 20, BP ingakwere ngakhale kuti sanadwalepo chibadwire. Zizindikiro zake ndi mutu waukulu wosamva panado, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kutupa nkhope ndi manja, ndi kupweteka pansi pa nthiti. Zikalekereredwa mayi amayamba kukomoka ndi kugwedezeka ngati wakhunyu, ndipo moyo wake ndi wa mwana umakhala pachiswe. Tsono taonani msampha wake: mutu, chizungulire, kugunda kwa mtima ndi kutupa zimapezeka kwa wochepa magazi, zimapezekanso kwa wa BP. Ndi maso okha simungasiyanitse, ngakhale mutakhala ntchembere yodziwa zambiri. Chosiyanitsa ndi kubaya kwa pachala ndi lamba wa pamkono. N'chifukwa chake masiku ano amayi akulimbikitsidwa kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ndi kuonana ndi a zaumoyo maulendo 8 asanachire. Abambo, aperekezeni akazi anu, ndipo mukafika pemphani kuti nanunso akumangeni lamba uja. Amene muli kutali ndi chipatala, chidikiro chilipo. Musadikire kuti matenda ayambe usiku mtsinje utadzaza.

Pali mawu achitatu amene amayenda ndi magazi, ndiwo shuga. Amenewa tidzawapatsa tsiku lawolawo. Lero ndingoti munthu amene akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi usiku, akuonda chonsecho akudya, kapena ali ndi chilonda chosapola, akayezetse shuga. Ndipo wa BP aliyense ayezetsenso shuga, chifukwa matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi.

Kwa inu adokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene mukumvera: tikudziwa kuti mzere umakhala wautali ndipo ndinu ochepa. Komabe mawu akuti "magazi" okha sakwanira. Muuzeni wodwala kuti achepa kapena akuthamanga, mutchulireni nambala yake, ndipo mumufunse abwereze zimene wamva asanatuluke. Mphindi imodzi imeneyo ndi imene imasankha zimene banja likachite kunyumba.

Ndipo inu omvera, kufunsa dokotala si mwano. Buku lija ndi lanu, thupinso ndi lanu. Ngati simudziwa kuwerenga, pemphani anamwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuwerengereni. Usiku uno litulutseni m'chikwama, muone ngati muli Hb ndi BP. Ngati mulibe, kapena papita chaka musanayezetse, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi sabata ino, ndipo musatuluke musanamve nambala yanu, tanthauzo lake, ndi tsiku lobwereranso.

KANYIMBO KOTSEKERA